Chala choloza makolo: kusowa kwa Madeleine McCann ndi khoti la pa intaneti

Usiku wa Lachinayi pa 3 Meyi 2007, nthawi ikuthamangira 10 koloko, mayi Kate McCann anadzuka pa tebulo pomwe ankadya ndi amuna awo, a Gerry, pamodzi ndi anzawo asanu ndi awiri. Anapita kukazonda ana omwe anawasiya ali m'tulo m'nyumba ya alendo nambala 5A. Malowo ndi Ocean Club ku Praia da Luz, katauni ka m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Algarve kummwera kwa Portugal, komwe mabanja a ku Britain amakonda kukachita tchuthi. Mapasa a zaka ziwiri anawapeza ali gone. Pabedi pa mkulu wawo, Madeleine, panalibe munthu. Mwanayo anali atatsala ndi masiku 9 kuti akwanitse zaka zinayi. Kufikira lero sanapezeke, kaya wamoyo kaya mtembo, ndipo palibe munthu amene anazengedwapo mlandu wa kusowa kwake.

Pa intaneti pokha ndi pomwe mlanduwu unagamulidwa kalekale. Pali khamu la anthu, ena a iwo anali asanabadwe mu 2007, lomwe limalemba tsiku ndi tsiku kuti mwanayo anafera m'nyumbamo ndipo makolo ake anabisa mtembo. Amagawana zithunzi, tizidutswa ta mavidiyo ndi masamba a m'mafayilo a apolisi, ndipo amalankhula ngati anthu omwe analipo. Funso loti kodi si makolo omwe achita izi si loipa palokha, ndipo wapolisi amene salifunsa mwana akasowa ndiye kuti ntchito sakuidziwa. Chovuta ndi chimene funsolo limasanduka likachoka m'manja mwa anthu omwe ali ndi udindo wolisiya umboni ukakana, n'kugwera m'manja mwa anthu omwe palibe chowakakamiza kulisiya.

Usiku umenewo, ndi zomwe zinatayika

Banja la McCann limachokera ku Rothley, pafupi ndi mzinda wa Leicester ku England. Onse awiri ndi madokotala, bamboyo wa matenda a mtima. Pa sabata ya tchuthiyo, iwo ndi anzawo anagwirizana zoti madzulo azigoneka ana, akuluakulu n'kumakadyera pa malo odyera a pa Ocean Club pomwepo, mtunda wa mamita oposa pang'ono 50 kuchoka pa nyumba ya 5A, kwinaku akusinthana kukazonda ana pafupifupi theka lililonse la ola. Chitseko cha kukhonde chinasiyidwa chosakhoma. Bambo McCann anakayang'ana ana itangodutsa 9 koloko ndipo anati Madeleine anamuona ali pabedi pake. Ola lisanathe n'kuti mwana kulibe.

Zomwe zinachitika m'maola otsatira ndi zomwe zinabala mavuto onse a m'tsogolo. Anthu ambiri, anzawo, ogwira ntchito pa malowo ndi apolisi omwe, analowa ndi kutuluka m'nyumbamo, kugwira zitseko ndi mazenera, nyumbayo isanatchingidwe ngati malo a mlandu. Panadutsa maola ambiri apolisi a m'malire asanapatsidwe maonekedwe a mwanayo, chonsecho kuchoka ku Praia da Luz kukafika m'malire a Spain ndi ulendo wa maola osakwana awiri pa galimoto. Patapita mwezi nyumbayo inayambanso kugonamo alendo ena, ndipo inadzatsekedwanso mu Ogasiti pomwe akatswiri ankafuna kuipima mwatsatanetsatane. Umboni umene ukanasonyeza kuti munalowa mlendo, kapena kuti simunalowe aliyense, unapondedwapondedwa. Kuyambira pamenepo nkhaniyi yakhala ya mphako zambiri, ndipo munthu aliyense amatha kuikamo chimene mtima wake wafuna.

Tinene mosabisa: kusiya ana atatu osakwana zaka zinayi okha usiku m'nyumba yosakhoma kunali kulakwa. Makolowo eni ake akhala akunena kuti chisankho chimenecho chimawadya mumtima. Ku Britain anthu ambiri anakwiya, ndipo ena anafunsa funso lomveka, lakuti akanakhala mayi wosauka wa m'nyumba za boma amene wasiya ana n'kupita kukamwa, kodi a zosamalira ana akanamusiya? Anthu masauzande anasayina chikalata cha pa intaneti chopempha akuluakulu a ku Leicestershire kuti afufuze banjali pa nkhani ya kulekerera ana. Mkwiyo umenewu ine ndimaumvetsa. Koma kulekerera mwana ndi mlandu wina, kupha mwana ndi kubisa mtembo ndi mlandu winanso, ndipo umboni wa woyambawo sungakhale umboni wa wachiwiri. M'zolemba zambiri za pa intaneti milandu iwiriyi imasakanizidwa mwakachetechete. Munthu amayamba ndi mawu oti anali makolo osasamala, zomwe n'zoona, ndipo pofika kumapeto kwa ndime akunena kuti ndi akupha, osasonyeza mlatho umene wadutsapo.

Apolisi osalankhula, nyuzipepala zanjala

Malamulo a Portugal panthawiyo ankaletsa apolisi, mboni ndi oganiziridwa kulankhula poyera za kafukufuku amene ali mkati. Apolisi ofufuza milandu, a Polícia Judiciária, sankachititsa misonkhano ya atolankhani yofotokoza tsatanetsatane monga atolankhani a ku Britain anazolowera kwawo. Atolankhaniwo anali atadzaza Praia da Luz, ndipo akonzi awo ku London anali ataona kuti chithunzi cha Madeleine chikakhala patsamba loyamba nyuzipepala imagulidwa kwambiri. Banjalo nalo linasankha kufalitsa nkhope ya mwanayo ponseponse, kuphatikizapo kachilema kakang'ono ka m'diso lake lakumanja. Anakumana ndi Papa Benedict XVI ku Rome pa 30 Meyi, anayendera mayiko angapo, ndipo thumba la ndalama zothandizira kusaka mwana linapitirira mapaundi 1 miliyoni.

Kunali njala ya nkhani koma kunalibe gwero lovomerezeka. Zomwe zinkatuluka zinali manong'onong'o ochokera kwa apolisi osatchulidwa mayina, kulembedwa m'nyuzipepala za Chipwitikizi, kumasuliridwa mwachangu m'Chingerezi, kukometseredwa, kenako kubwereranso ku Portugal ngati nkhani yotsimikizika yochokera ku London. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Munthu woyamba kupsa ndi moto umenewu sanali kholo. Anali bambo wina wa ku Britain wokhala pafupi ndi Ocean Club, yemwe ankathandiza kumasulira pakati pa apolisi ndi mboni. Mtolankhani wina anati sakumuona bwino, apolisi anamuika pa mndandanda wa oganiziridwa pakati pa Meyi, ndipo nyuzipepala zinamusambwadza kwa miyezi. Mu Julayi 2008 anayeretsedwa, ndipo nyuzipepala za ku Britain zinamulipira mapaundi 600,000 chifukwa chomuipitsira mbiri.

Nthawi yake inalinso yapadera. Facebook inali itangotsegulidwa kwa anthu onse mu Sepitembala 2006, Twitter inali ndi chaka chimodzi, YouTube inali ndi zaka ziwiri. Kusowa kwa Madeleine ndi umodzi mwa milandu yoyamba yomwe anthu wamba a m'mayiko ambiri anaitsatira ndi kuikambirana limodzi pa intaneti, usana ndi usiku, popanda mkonzi woti afunse kuti izi mwazitenga kuti.

Agalu awiri ndi galimoto ya hayala

Aliyense amene amakhulupirira kuti makolowo ndi olakwa, mukamufunsa chifukwa, amafika pa agalu. Apa ndi pofunika kufatsa.

Kumapeto kwa Julayi ndi kumayambiriro kwa Ogasiti 2007, agalu awiri onunkhiza anabwera kuchokera ku England ndi mphunzitsi wawo, Martin Grime. Eddie anaphunzitsidwa kuuwa akamva fungo la mtembo wa munthu, Keela kuima chilili akamva magazi a munthu. M'nyumba ya 5A agaluwa anasonyeza chizindikiro kuseri kwa sofa, ndipo Eddie anauwanso pafupi ndi kabati ya zovala m'chipinda cha makolo. Anasonyezanso pa galimoto ya mtundu wa Renault Scenic yomwe banjalo linkagwiritsa ntchito. Vidiyo ya zimenezi ilipo, ndipo munthu akaionera koyamba mtima umagunda.

Koma galu sanena kuti fungolo ndi la yani, linafika liti, kapena linabwera bwanji. Ntchito yake ndi kuuza apolisi poti akayang'ane. Mphunzitsi wa agaluwo mwini wake analemba kuti kuuwa kwa galu sikungatengedwe ngati umboni popanda china cha sayansi chochitira umboni kuuwako. Choncho apolisi anatola zomwe anapeza pamalo omwe agalu analoza n'kuzitumiza ku labotale ya Forensic Science Service ku Birmingham.

Chotsatira chomwe chimatchulidwa kwambiri ndi cha kumbuyo kwa galimoto, koika katundu. Popima DNA mwa njira imene inkagwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo, akatswiri ankayang'ana malo khumi, ndipo pamalo aliwonse munthu amakhala ndi zizindikiro ziwiri, china chochokera kwa mayi china kwa bambo. Za Madeleine zinkaoneka 19 chifukwa pamalo amodzi analandira chofanana kwa makolo onse. Mu zomwe anatola m'galimotomo munapezeka 15 mwa 19 zimenezi. Nambalayi ikaima payokha imaoneka ngati yamaliza nkhani. Koma m'kalata yofotokoza zotsatirazi katswiri wa ku Birmingham, John Lowe, anafotokoza kuti zizindikiro zonse zomwe zinapezeka zinali 37, kutanthauza kuti munasakanikirana DNA ya anthu osachepera atatu, mwinanso asanu. Chizindikiro chilichonse cha Madeleine chinachokera kwa mayi ake kapena bambo ake, ndipo abale ake nawonso ali ndi zambiri zofanana ndi zake. Anthu onsewa ankakwera galimotoyo tsiku ndi tsiku. DNA ya bambo ndi mayi ikasakanikirana pamalo amodzi, zizindikiro za mwana wawo zimaoneka ngakhale mwanayo sanafikepo. Katswiriyo anati chotsatiracho chinali chosokonezeka kwambiri moti sichingamasuliridwe mwatanthauzo.

Nyuzipepala zina zinalemba kuti DNA yagwirizana kotheratu. Mawu amenewo akuyendabe mpaka pano.

Palinso nkhani ya masiku. Galimotoyo banjalo linaichita hayala patadutsa masiku 24 mwana atasowa. Kuti ganizo la mtembo m'galimoto likhale loona, makolowo anayenera kubisa thupi la mwana wawo mkati mwa ola limodzi kapena awiri, m'dziko lachilendo lomwe anali atakhalamo masiku osakwana sabata, pamalo omwe apolisi, agalu ndi anthu ongodzipereka sanawapeze, kulisunga kwa milungu yoposa itatu m'nyengo yofunda ya ku Algarve, kenako kukalitenga ndi kulisamutsa atolankhani a dziko lonse lapansi akuwatsata ndi makamera kulikonse. Anzawo asanu ndi awiri aja anayeneranso kugwirizana pa bodza limodzi n'kulisunga zaka zonsezi popanda ndi mmodzi yemwe woulula. Sindikunena kuti chinthu chovuta sichingachitike. Ndikunena kuti amene akuchinena ali ndi katundu wolemera woti asenze, ndipo kuuwa kwa galu sikungamusenzere.

Kuganiziridwa, kutsekedwa kwa fayilo, ndi masamba 11,000

Pa 7 Sepitembala 2007 apolisi a Portugal anawaika a Kate ndi a Gerry McCann pa udindo wotchedwa arguido. M'malamulo a kumeneko ameneyu ndi munthu amene akufunsidwa ngati woganiziridwa, yemwe sanaimbidwe mlandu, koma wapatsidwa ufulu wokhala ndi loya ndi wokana kuyankha. Mayi McCann, potsatira malangizo a loya wawo, anakana kuyankha mafunso 48. Mndandanda wa mafunsowo umagawidwabe pa intaneti ngati kuvomera mlandu. Koma munthu amene waona kuti apolisi amutembenukira, ndipo loya wake wamuuza kuti akhale chete, akakhala chete sanaulule kanthu. Maloya amapereka malangizo amenewa kwa olakwa ndi osalakwa omwe.

Mkulu wa kafukufukuyo, Gonçalo Amaral, anachotsedwa mu Okutobala 2007 atadzudzula apolisi a ku Britain polankhula ndi nyuzipepala. Pa 21 Julayi 2008 mkulu wa oimira boma pa milandu ku Portugal anatseka fayilo, kunena kuti palibe umboni woti makolowo kapena bambo woganiziridwa uja anapalamula mlandu. Miyezi ingapo izi zisanachitike, mu Malichi 2008, kampani ya Express Newspapers inali itavomera kale kuti nkhani zake zoposa 100 zonena za banjali zinali zabodza, inapepesa patsamba loyamba la Daily Express ndi Daily Star, n'kulipira mapaundi 550,000.

Munthu akanaganiza kuti nkhani ya makolo yathera pomwepo, koma mwezi womwewo wa Julayi a Amaral anatulutsa buku lobwereza ganizo lawo loti mwana anafera m'nyumba. Mu Ogasiti boma la Portugal linapereka kwa atolankhani mafayilo a mlanduwo, masamba oposa 11,000, ndipo posakhalitsa anthu ongodzipereka anawamasulira n'kuwaika pa intaneti. Fayilo ya apolisi imasunga chilichonse: mboni yoona, mboni yosokonezeka, mphekesera, ganizo lomwe linatsatidwa kenako n'kutayidwa. Anthu asanu ndi anayi omwe amadya ndi kumwa osayang'ana wotchi, mukawafunsa mawa lake kuti wakuti anadzuka nthawi yanji, sangagwirizane pa mphindi. Ofufuza odziwa ntchito amakayikira kwambiri mboni zikafanana ndendende. Koma kwa munthu amene wagamula kale, kusiyana kwa mphindi zisanu kumakhala bodza logwidwa, ndipo m'masamba 11,000 kusiyana kotere sikungasowe.

Mlandu umene banjali linasumira a Amaral chifukwa cha bukulo unawonjezera nkhuni. Mu 2015 khoti la ku Lisbon linalamula a Amaral kulipira mayuro 500,000, mu 2016 khoti la apilo linafafaniza chigamulocho, mu 2017 khoti lalikulu la Portugal linagwirizana ndi la apilo, ndipo mu Sepitembala 2022 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya linakana dandaulo la makolowo. Ambiri amawerenga izi ngati kuti makhoti anati a Amaral ananena zoona. Makhotiwo ankaweruza funso lina, la ufulu wa munthu wonena maganizo ake pa nkhani yomwe ili kale pakamwa pa anthu. Khoti lalikulu linanenadi kuti kutseka fayilo chifukwa chosowa umboni sikufanana ndi kutsimikizira kuti munthu ndi wosalakwa. Zimenezo ndi zoona pa munthu aliyense amene sanazengedwe mlandu, ndipo n'chifukwa chake malamulo amaika udindo wobweretsa umboni pa wonenezayo.

Nkhope ya mayi

Mbali imene imandipweteka kwambiri ndi mmene mayi McCann anaweruzidwira ndi maso. Anthu anati sakulira mokwanira. Anati akuoneka waukhondo kwambiri, akusintha zovala, akupita kothamanga m'mawa. Ananyamula chidole cha mwana wawo kulikonse, anthu anati ndi sewero. Atachichapa, anati akufafaniza umboni. Iwo anafotokoza kuti akatswiri anawalangiza kuti asagwetse misozi pa kamera, poopa kuti wakuba mwanayo angamasangalale poonera. Ambirife tinamvapo manong'onong'o a pa maliro, oti namfedwa uja maso ake ndi ouma, ndiye kuti akudziwapo kanthu, pomwe wina amene wagubuduka pansi amanenedwa kuti akudzionetsera. Mayeso amenewa palibe amene angakhoze, chifukwa kulira ndi kusalira zonse zimawerengedwa ngati umboni wa chinthu chimodzi.

Australia inadutsa njira yomweyi intaneti isanabwere. Pa 17 Ogasiti 1980, khanda la milungu 9, Azaria Chamberlain, linasowa mu tenti pafupi ndi thanthwe la Uluru. Mayi ake, Lindy, anati latengedwa ndi dingo, galu wakutchire wa kumeneko. Anthu sanakhulupirire. Anati mayiyo ndi wouma mtima pa TV. Banjalo linali la mpingo wa Seventh-day Adventist, womwe ambiri kumeneko sankaudziwa bwino, ndipo kunafala bodza loti mwanayo anaperekedwa nsembe. Katswiri wina anachitira umboni kuti m'galimoto ya banjalo munali magazi a khanda. Mu 1982 mayiyo anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse. Mu 1986 kajekete ka mwanayo, komwe mayiyo ankanena kuti khandalo linavala ndipo apolisi ankakayikira, kanapezeka pafupi ndi mapanga a dingo. Zomwe zinkatchedwa magazi m'galimotomo zinadziwika kuti ndi mankhwala omwe fakitale imapopera m'galimoto pofuna kuchepetsa phokoso. Mayiyo anatulutsidwa atakhala m'ndende zaka zoposa zitatu, chigamulo chinafafanizidwa mu 1988, ndipo mu 2012 boma linalemba mwalamulo kuti Azaria anaphedwa ndi dingo. Mayi wosalira bwino, galimoto ya banja, sayansi yonenedwa mopitirira mphamvu yake: zonsezi zinabwereranso mu 2007.

Nanga makolo omwe amakhaladi olakwa?

Alipo, ndipo kubisa zimenezi kungakhale kunama. Ana ambiri omwe amavulazidwa kapena kuphedwa, wowachita chipongwe amakhala munthu wa m'nyumba kapena wodziwika kwa iwo. Kubedwa ndi mlendo n'kosowa. Mu Febuluwale 2008, nkhani ya Madeleine ili mkamwamkamwa, Shannon Matthews wa zaka 9 anasowa ku Dewsbury ku England. Mayi ake analira pa TV. Patatha masiku 24 mwanayo anapezeka wamoyo atabisidwa kunsi kwa bedi m'nyumba ya wachibale wa chibwenzi cha mayiyo, ndipo khoti linapeza kuti mayiyo anali nawo m'chiwembu chofuna ndalama za mphotho. Analamulidwa zaka 8. Ku South Africa, Joshlin Smith wa zaka 6 anasowa ku Saldanha Bay pa 19 Febuluwale 2024. Mu Meyi 2025 khoti linapeza mayi ake, Kelly Smith, ndi amuna awiri olakwa pa milandu yoba ndi kugulitsa munthu, n'kuwagamula kukhala m'ndende moyo wonse.

Milandu iwiriyi inafika pa chigamulo chifukwa cha mboni zomwe zinalumbira ndi kufunsidwa mafunso, ndi apolisi omwe anagogoda pa zitseko. Mayi wa Shannon analira ndithu, ndipo misozi yake sinatsimikizire kanthu, monganso maso ouma a Lindy Chamberlain sanatsimikizire kanthu. Chiwerengero chimauza wapolisi koyambira kufufuza. Sichimuuza chimene chachitikira mwana uyu, m'nyumba iyi, usiku uwu.

Pa 16 Okutobala 2021 Cleo Smith wa zaka zinayi anasowa mu tenti ya banja lake pafupi ndi Carnarvon, kumadzulo kwa Australia. Masiku ochepa okha, masamba a mchezo anadzaza ndi anthu osanthula nkhope za mayi ake ndi bambo omupeza, kunena kuti akubisa kanthu, ngakhale apolisi anali atanena kuti awiriwo si oganiziridwa. Pa 3 Novembala, patatha masiku 18, apolisi anathyola nyumba yokhoma m'tauni ya Carnarvon n'kumupeza mwanayo wamoyo. Anamuba ndi mlendo, Terence Kelly, yemwe anavomera mlandu ndipo analamulidwa zaka 13 ndi theka. Banja limeneli linayeretsedwa chifukwa mwana anapezeka. Akanapanda kupezeka, bwenzi akunenedwa mpaka lero, pa umboni womwewo wa nkhope.

Apa ndi pomwe pali nkhanza ya nkhani ya McCann. Chinthu chokha chomwe chingatseke pakamwa owaneneza ndi chomwecho chomwe makolowo akhala akuchisaka kuyambira 2007.

Khamu lomwe silibalalika

Ofufuza a pa yunivesite ya Huddersfield anasindikiza mu 2017 kafukufuku wa gulu la pa Twitter lomwe limanyoza banjali. Anapeza gulu lodziwana, lomwe limadziona ngati lomenyera chilungamo mwana amene aliyense wamutaya, ndipo limatenga wotsutsa aliyense ngati wolipidwa kapena wopusitsidwa. Mawu awo ndi oti timangofunsa mafunso, ndiponso oti utsi sufuka popanda moto. Ambiri mwa iwo ndikhulupirira kuti amamumveradi chisoni Madeleine. Koma funso loona limakhala ndi yankho lomwe lingalithetse. Kwa gululi, boma la Britain likaika ndalama pa kafukufuku ndiye kuti likuteteza madokotala ake, likasiya ndiye kuti ladziwa zoona. Makampani a masamba a mchezo nawo amakankhira patsogolo zomwe zimautsa mkwiyo chifukwa ndi zomwe zimasunga anthu pa foni, ndipo wopanga vidiyo yosanthula kuphethira kwa maso a mayi wolira amalandira ndalama za otsatsa malonda.

Moto umenewu unapsereza ndi oukoleza omwe. Mu 2014 mtolankhani wa Sky News anamutsekereza pakhomo pake mayi wina wa zaka 63 yemwe ankalemba mauthenga ambiri onyoza banjali pogwiritsa ntchito dzina lobisika. Nkhope yake itaonetsedwa pa TV, khamu linamutembenukira iyeyo. Patangopita masiku ochepa anapezeka atafa mu hotela ku Leicester, ndipo kafukufuku wa imfayo anapeza kuti anadzipha. Mu 2023 mtsikana wina wa ku Poland anatchuka pa Instagram ponena kuti iye ndiye Madeleine, anthu miyandamiyanda n'kumamuchemerera. DNA inakana. Mu Novembala 2025 khoti la ku Leicester linamupeza wolakwa pa mlandu wovutitsa banja la McCann, atawaimbira mafoni, kuwalembera ndi kufika pakhomo pawo. Mapasa aja, omwe anali m'chipinda chomwecho usiku umenewo, akula akudziwa kuti dzina la makolo awo likalembedwa pa intaneti zimatuluka ndi zotani.

Kafukufuku weniweni anapita kwina. Mu Meyi 2011 apolisi a London anayamba kuunikanso mafayilo onse pa ntchito yotchedwa Operation Grange, yomwe yadya mapaundi oposa 13 miliyoni, ndipo ananena poyera kuti makolowo si oganiziridwa. Mu 2013 anapeza kuti bambo wonyamula mwana yemwe mmodzi mwa anzake a banjali anamuona usiku uja, amene ena ankati ndi wongopeka, analipodi, koma ayenera kuti anali mlendo mnzawo wochokera kokatenga mwana wake. Mu Juni 2020 oimira boma pa milandu a ku Braunschweig ku Germany analengeza kuti akuganizira Christian Brückner, yemwe anakhala ku Algarve kwa zaka zambiri kufikira 2007, ndipo panthawiyo anali m'ndende. Anali atagamulidwa zaka 7 chifukwa chogwiririra mayi wa zaka 72 wa ku America ku Praia da Luz komweko mu 2005. Portugal inamuika pa udindo wa arguido mu Epulo 2022, ndipo mu 2023 wailesi ya BBC inaulutsa kuti akuluakulu a Polícia Judiciária anapita ku London kukapepesa kwa bambo McCann chifukwa cha mmene banjalo linachitidwira.

Muyeso womwewo uyenera kugwiranso ntchito pa Brückner. Apolisi anakumba ndi kusaka pa damu la Arade mu Meyi 2023 ndiponso m'tchire la pakati pa Praia da Luz ndi Lagos mu Juni 2025. Mu Okutobala 2024 khoti la ku Braunschweig linamumasula pa milandu ina yogwiririra yosakhudzana ndi Madeleine chifukwa umboni unali wosakwanira. Mu Sepitembala 2025 anamaliza chilango chake n'kutuluka m'ndende. Iye amakana kuti sakudziwapo kanthu za mwanayo, ndipo sanaimbidwe mlandu wa kusowa kwake.